Munda wa Manambala Okana

Filimoni Sakala anabadwira m'mudzi wa Kamphasa, kunsi kwa mapiri a Mphangwe, m'dera la Katete. Chaka chake chobadwa sankachidziwa. Amayi ake ankangoti anali pamsana pomwe azungu ankathirana nkhondo ndi Angoni, ndipo iye mwini atakula anawerengetsa yekha n'kusankha 1897. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, woyenda choweramira pang'ono ngati wataya singano. Chimene anthu ankamudziwa nacho kwambiri ndi milomo yake, imene inkagwedera nthawi zonse. Mlendo akanayesa kuti akupemphera, koma ayi, ankawerenga zinthu. Ankawerenga mbuzi zodutsa, nsichi za nyumba, anthu olowa m'tchalitchi, ndipo akamaliza ankayambanso kuzigawa m'mutu mwake ziwiriziwiri, zitatuzitatu.

Sukulu inafika m'mudzimo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Malemba anamuvuta, moti anzake anamusiya m'mbuyo, koma pa masamu panalibe womupikisa.

Mu 1916 anagwidwa kuti akasenze katundu wa nkhondo. Anachoka anthu 48 a m'midzi yoyandikana, ulendo wa kumpoto, kumalire a Ajeremani. Kapitawo wawo atamva kuti mnyamatayu anapondako m'sukulu, anamupatsa ntchito yondandalika anthu m'mawa uliwonse m'mizere yofanana, kuti msilikali wowaperekeza asavutike powawerenga. Ntchitoyo inali yofewa. Anthu 48 amalola chilichonse: mizere inayi, isanu ndi umodzi, isanu ndi itatu, zonse zimatheka.

Kenaka mmodzi anadwala kamwazi, natsala panjira osadzukanso. M'mawa mwake Filimoni anaika anthu awiriawiri, panatsala mmodzi. Anayesa atatuatatu, panatsala awiri. Anayesa anayi, asanu, asanu ndi mmodzi, asanu ndi awiri, koma nthawi zonse wina ankatsala ataima yekha pambali, katundu ali pamutu. Msilikali uja anatopa nazo. Anamuwomba mbama, nanena kuti sukulu yake inali yabodza.

Tsiku lonselo Filimoni anayenda tsaya likutentha, koma chimene chinkamuwawa sichinali tsayalo. Anali wotsimikiza kuti sanalakwitse. Nambala ya 47 ndiyo inakana. Miyezi ikupita, anthu akuchepa ndi matenda, anaonanso zomwezo pa 43 ndi pa 41. Anabwerera kwawo ali anthu 37, ndipo nayonso inali nambala yosalola mizere yofanana, kupatula mzere umodzi wautali. Manambala oterewa Filimoni anawatcha okana. Anabwera nalo funso ku nkhondo monga ena anabwerera ndi zipsera: kodi okanawa alipo angati, ndipo munthu akamawerenga kupita kutsogolo, amachuluka kapena amachepa?

Anakhala zaka ziwiri kumishoni akuphunzira uphunzitsi, ndipo mu 1920 anamutumiza kwawo komweko. Anakwatira Selina, mkazi wamtali wa kwa a Mbewe, wosachedwa kuseka ndiponso wosachedwa kuyankha. Sukulu yake inali ya mitengo yomata ndi dothi. Ana analipo 34, masileti anayi okha.

Masiletiwo ndiwo anamuthamangitsira kumunda. Akalemba manambala mpaka 60, sileti ladzaza, ndipo mwana wina akulidikira kuti alembepo malemba. Tsono masiku amenewo ana asukulu ankalima munda wa sukulu m'mawa kawiri pa sabata. Mu Okutobala wa 1923, dzuwa likuswa mtengo, Filimoni anaima pachulu cha m'mphepete mwa mundawo, naona kuti nali sileti losafufutika.

Anawauza ana kuti akumbe mapando m'mizere khumi, mzere uliwonse mapando zana, kutalikirana phazi limodzi. Mzere ukatha, wotsatira unkayambira pomwepo kubwerera, ngati njoka yodzipinda, kotero kuti phando lililonse linali ndi nambala yake kuyambira 1 mpaka 1000. Paphando loyamba anakhomapo mtengo, nati apa ndi pakhomo chabe, sitipawerengera. Kenaka anabwera ndi chipanda chodzaza timiyala ta kumtsinje.

"Iwe ima pa 2," anauza mwana wina. "Pamenepo ndi pakwanu, usaikepo kanthu. Uziyenda ukuwerenga mapando awiri, wafikapo uponye mwala. Awiri, mwala. Mpaka munda uthe."

Mwanayo atapita, Filimoni anafunsa otsalawo kuti phando lotsatira lopanda mwala ndi liti. Linali la 3. Pamenepo anaimikapo mwana wina kuti aziwerenga atatuatatu. La 4 linali ndi mwala kale, choncho woyenda wachitatu anaima pa 5. Pa 7 anathamangirapo Rabeka, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa a Rubeni Nkhoma, mkulu wa mpingo. Anapitiriza motero mpaka pa 31, ndipo oyenda anakwana khumi ndi mmodzi. Wina anayesa kuyambira pa 37, koma anayenda mpaka kumapeto kwa mzere n'kupeza kuti paliponse pamene wafika pali kale mwala wa mnzake. Anabwerako atakwiya, timiyala take tili m'manja.

Ntchitoyi ankaichita mzere umodzi pa tsiku. Mzere ukatha, woyenda aliyense ankakhoma chikhomo pamene waponya mwala wake womaliza, kuti tsiku lina adzayambire pomwepo. Kenaka onse ankawerenga mapando amene atsala opanda mwala, poti amenewo ndiwo manambala okana. Mzere woyamba unatulutsa 25, wachiwiri 21, wachitatu 16. Ana anayamba kunena kuti akutha. Wachinayi unatulutsanso 16, wachisanu unakwera kufika 17, ndipo Filimoni anavina pachulu paja ana akumuseka.

Kuyambira pamenepo anayambitsa masewera. Asanayambe mzere, aliyense ankanena kuti mutuluka angati, ndipo iye ankanena pomaliza. Pa mzere wachisanu ndi chinayi anati 15, ndipo anatulukadi 15. Pa mzere wa khumi anati 14, ndipo anatulukadi 14. Ana anafuula, nathamanga nayo nkhaniyo kwawo.

Mvula itagwa, anabzala nsawa pa phando lililonse la mwala, ndipo pa mapando okana anabzalapo chimanga. Selina anabwera kudzaona, manja ali m'chiuno.

"A Sakala, munda wonsewu chimanga chake n'chomwechi?"

"Mapesi 168, Nambewe. Ndawerenga kawiri."

"Ndiye chaka chino tidya manambala? Mundiuziretu kaphikidwe kake, kwathu sanandiphunzitse."

Chimanga chisanafike m'mawondo, vuto linali litafika kale pakhomo. M'mawa wina kunabwera mayi wa kutsidya kwa mtsinje, nkhuku ili m'khwapa. Anagwada, nati mbuzi yake yasowa masiku atatu, ndipo wamva kuti aphunzitsi amaona zam'tsogolo ndi timiyala. Selina anamubweza msangamsanga, nkhuku yake ili m'khwapa momwemo. Koma anthu amene anaona nkhuku ikulowa anali ambiri, ndipo amene anaiona ikutuluka sanapezeke ndi mmodzi yemwe.

A Rubeni Nkhoma sanali munthu woipa. Bambo awo anali woombeza maula wotchuka, ndipo iwo pobatizidwa anatentha nsupa za bambo awowo ndi manja awo, abale akuwatukwana. Kulira kwa timiyala m'chipanda ankakudziwa kuyambira ali khanda. Tsopano ankakumva kukudutsa kuseri kwa nyumba yawo, m'manja mwa mphunzitsi wa mpingo. Tsiku lina anapeza Rabeka akusinja, milomo ikugwedera pa kugunda kulikonse kwa munsi: "14, 21, 28, 35." Anamufunsa chimene akunena, ndipo mwanayo anayankha monyadira kuti aphunzitsi anena kuti okana sadzatha mpaka muyaya.

M'mawa mwake Rabeka sanapite kusukulu. Makolo ena ataona kuti mkulu wa mpingo wachotsa wake, anachotsanso awo. Pofika Januwale ana anatsala asanu ndi anayi. Akulu a mpingo analemba kalata kumishoni, ndipo yankho linabwera loti a Solomoni Kwenda, oyendera masukulu, adzafika kumapeto kwa Febuluwale kudzamva mlanduwo. Aliyense ankadziwa chilango cha woombeza maula: amulanda sukulu, ndiponso amuimitsa ku Mgonero.

Selina anasiya nthabwala. "Kazuleni chimanga chija," anatero. "Mubzalepo nyemba. Akabwera apeze munda ngati minda ina yonse, inu mupepese, basi zithe. Kodi manambala adzakulandirani pakhomo akakuchotsani?"

Filimoni anatola khasu n'kupita. Anafika paphesi la pa 997, lomaliza m'mundamo, nakweza khasu. Kenaka anati ayambe wauonanso kamodzi, ndipo anakwera pachulu.

Nsawa zinali zitayala pansi ponse, zobiriwira biriwiri. Pamwamba pake chimanga chinaima chitamasula ngayaye. Ku mzere woyamba chinali chothithikana ngati anthu pamsika. Kutsogoloku chinkatalikirana pang'onopang'ono, pena mapesi awiri oyandikana ngati mapasa, pena mpata waukulu wopanda phesi ndi limodzi lomwe. Chinthu chimene anachisenza m'mutu zaka zisanu ndi ziwiri chinali pamaso pake, chikugwedezeka ndi mphepo. Anatsika, nabwerera kunyumba khasu lili paphewa.

"Sindinazule," anauza Selina. "Ndikazula ndiye kuti ndavomera kuti ndinali ndi chobisa."

Selina anamuyang'ana. "Ndiye mukayankhule ngati munthu," anatero. "Osati kukagwedeza milomo."

A Kwenda anafika Lachisanu, ndipo Loweruka m'mawa bwalo linakhala pansi pa mkuyu wa patchalitchi. Iwo anali munthu wamkulu wa imvi, wosafulumira kuyankhula. Akulu a mpingo analipo asanu ndi awiri, ndipo mudzi wonse unakhala pansi mowazungulira. Chipanda cha timiyala anachiika pakati.

A Nkhoma anaimirira nanena milandu itatu. Woyamba, mphunzitsi amayendetsa ana m'munda akung'ung'udza ndi kuponya miyala. Wachiwiri, amanena zinthu zisanachitike, ndipo zimachitikadi. Wachitatu, waphunzitsa ana kuti chimanga chake sichidzatha mpaka muyaya, pamene wosatha ndi Mulungu yekha. Anamaliza ndi kunena kuti nsupa anazitentha kamodzi, ndipo safuna kuti zilowenso m'nyumba mwawo kudzera mwa mwana.

"A Sakala, mwamva," anatero a Kwenda. "Mukuti bwanji?"

Filimoni anaimirira. "Bambo, a Nkhoma amadziwa za maula kuposa ine. Ndifunse iwo. Kodi woombeza amalola munthu wamba kugwira nsupa zake n'kuombeza yekha?"

"Salola," anayankha a Nkhoma. "Zikatero ndiye kuti zafa."

"Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi. Tiyeni kumunda. Ine sindigwira mwala ndi umodzi womwe, ndipo ana sayenda. Muyende inu eni ake."

Anthu anayamba kunong'onezana. A Kwenda anakanda kumutu, natola ndodo yawo. "Ndayenda masiku awiri kudzamva mlanduwu," anatero. "Kumunda si kutali."

M'mphepete mwa mzere wa khumi munali malo osalima. Anyamata anakumba msanga mapando zana, kuyambira 1001 mpaka 1100. Pankafunika oyenda khumi ndi mmodzi, ndipo akulu anali asanu ndi awiri, choncho a Kwenda anadzipereka, pamodzi ndi amayi awiri a mumpingo. Selina anatenga 2, nati kutopa anakuzolowera. A Edwadi Lungu, mkulu wa mpingo wonenepa ndiponso wosamva bwino, anapatsidwa 11. A Kwenda anatenga 13. A Nkhoma anakana kaye kugwira timiyala, koma a Kwenda anawauza kuti woimba mlandu ndiye ayenera kuona pafupi. Anawapatsa 7.

Rabeka anatuluka m'gulu la anthu osaitanidwa. Anawagwira dzanja bambo ake, nawatengera pa chikhomo chake cha pa 994. "Muyambire apa, atate. Muwerenge asanu ndi awiri, muponye. Musawerengere pamene mwaimapo."

"Ndikudziwa kuwerenga, iwe," anatero a Nkhoma.

"Dikirani," anatero a Kwenda. Anatenga sileti nampatsa Filimoni. "Mlandu wachiwiri. Lembani kuti mutuluka angati."

Filimoni anayang'ana mizere ya chimanga ija, nalemba 14. A Kwenda anaonetsa siletilo kwa anthu onse, nalivundikira pachulu n'kulipsinja ndi mwala. Kenaka anapita pa chikhomo chawo, nati onse ayambire limodzi.

A Nkhoma anachoka pa 994 maso ali pansi. A Lungu anachoka pa 990 akuwerenga mokweza ngati akuitana ng'ombe. A Kwenda anachoka pa 988 akuloza phando lililonse ndi ndodo. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Wa 7 anakwanitsa asanu ndi awiri ake, wa 11 anakwanitsa ake, wa 13 nayenso, ndipo atatu onsewo anaweramira pa phando limodzi, loyamba lenileni la mzere watsopano. Mitu inagundana kuti gu! Chipewa cha a Kwenda chinagwera m'nsawa, a Lungu anakhala pansi kuti khu!

"Choka apa, Rubeni, pano ndi panga!" anakuwa a Lungu.

"Panu pati? Ndawerenga bwino ine!"

"Akuluakulu, ine ndiye ndafika poyamba," anatero a Kwenda akusisita pamphumi.

Ana anagubuduka ndi phwete. Amayi anabisa nkhope m'nsalu mapewa akugwedezeka. Filimoni anathamangira pomwepo, nawauza kuti palibe walakwitsa: 7 kuchulukitsa ndi 11, kenaka ndi 13, zimapereka 1001, choncho phandolo ndi la onse atatu. Aliyense anaponya mwala wake, napitirira.

Kuseka kuja kunamasula anthu. Mkulu wina anasokoneza pa 19, ana n'kumubweza akuimba manambala onse pamodzi. Selina anafika kumapeto thukuta lili kamukamu, nafunsa ngati palibe mzere wina. A Nkhoma anayenda mwakachetechete, ndipo pofika pakati pa mzere milomo yawo inali ikugwedera ngati ya mphunzitsi yemwe anadzamuimba mlandu.

Atatha onse, a Kwenda anayenda mumzeremo akuzika kamtengo pa phando lililonse lopanda mwala. Anawerenga, napeza 16. A Nkhoma anawerenganso okha. Anali 16 ndithu. Anavundukula sileti lija, ndipo 14 anali pomwepo, poyera.

Kenaka Filimoni anaomba m'manja, nkhope yake ikuwala. "Akweranso! Ana inu, mwaona? Tinkati akutsika, akwera ndi awiri!"

"A Sakala," anatero a Kwenda, "mwaphonya pamaso pa mudzi wonse. Mukukondwera chiyani?"

"Bambo, ndaphonyapo kambiri, ana awa ndi mboni. Kungoti zimene ndinalondola ndizo zinafika kumudzi. Ine sindiona zam'tsogolo, ndimayang'ana zam'mbuyo. Mizere itatu yapitayi inali 14, 15, 14, ndiye ndinati wotsatira sungatalikire pamenepo. Okanawa amachepa, koma amachepa mwamakani. Mukayang'ana mzere umodzi simungawadziwe. Mukayang'ana munda wonse mumaona kuti akutsika. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti amatsika motani, ndipo sindinachipeze."

A Lungu, amene anamva theka lokha, anafuula kuti woombeza wophonya n'kumaseka sanamuonepo chibadwire. Anthu anasekanso.

A Nkhoma sanaseke. "Iwiri yagwa, ndavomera," anatero. "Miyala ndaigwira ndekha, ndi miyala chabe. Koma wachitatu ulipo. Mwalima mapando chikwi ndi zana. Kutsogoloko simunafikeko. Inu nomwe mukuti akuchepa. Nanga mwadziwa bwanji kuti sadzatha, ngati palibe chimene chinakunong'onezani?"

Filimoni anawapempha kuti abwerere pa 1001, pamene panali timiyala titatu. "A Nkhoma, apa munagundana atatu. Phando lotsatirali, la 1002, ndani mwa inu atatu akanaponyapo?"

"Palibe. Tonse tachokera pamodzi, ndipo tonse tikulumpha patali."

"Anaponyapo ndi Nambewe, ndi wa 3, chifukwa iwo pa kugundana kuja panalibe. Tsono tiyerekeze kuti inu mwalondola, okana ali ndi pothera. Tiyeni tipatse wokana aliyense woyenda wake, onse mpaka womaliza, kaya akhale chikwi. Tikachulukitsa manambala awo onse, monga tinachitira ndi atatu aja, tipeza phando limodzi kutsogoloko pamene onsewo adzagundane mitu, Nambewe ali pomwepo."

"Kumeneko ine musanditengereko," anatero a Kwenda. "Chipumi changa n'chimodzi."

"N'kutali, bambo. Kwa oyenda khumi ndi mmodzi okhawa ndinayesa pasileti, nambala yake inadzaza sileti kuchoka uku kufika uku. Koma phandolo lilipo. Tsono a Nkhoma, onse agundana. Phando lotsatira aponyapo ndani?"

A Nkhoma anayang'ana timiyala titatu tija. Anayang'ana Selina. "Wa phazi lalifupi ndi mayiwa," anatero pang'onopang'ono, "ndipo nawonso alumpha limodzi. Palibe aponyepo."

"Phando lopanda mwala timabzalapo chiyani?"

"Chimanga."

Analitchula liwulo, natsala pakamwa pali pululu. Anatembenukira kumunda, nabwereranso pa timiyala. "Dikirani. Tinati chatha. Tasonkhanitsa onse, ndipo kutsogolo kwawo kwamera china." Anagwira Filimoni pamkono. "Ndipo chimenecho tikachipatsa woyenda wake, adzagundananso kwina, n'kumeranso china!"

"Mwamaliza nokha, bambo."

"Iii!" anatero a Nkhoma. Anabwerezanso mfundo yonseyo kwa a Lungu, mokuwa, akuloza ndi manja, ndipo sanalakwitse paliponse. Rabeka anali kumbuyo kwawo akudumphadumpha.

Sanabwererenso pansi pa mkuyu. A Kwenda anagamula ali chiimire m'nsawa momwemo. Anati chinthu chimene mkulu wa mpingo angachipeze ndi mapazi ake ndi mutu wake, dzuwa likuwala, si maula. Anati amene analenga manambala sanawamangire mpanda, ndipo kuzindikira zimenezo si kumuchepetsa. Sukulu ikhale m'manja mwa a Sakala. Anawonjeza kuti chaka chamawa chimanga chichuluke, chifukwa mayi a pakhomo ali ndi mlandu wawo umene sanaunene.

A Nkhoma anavula chipewa pamaso pa anthu onse. "A Sakala, ndinakuipitsirani dzina. Ndinamva kulira kwa chipanda, sindinabwere kudzasuzumira m'kati. Mundikhululukire." Filimoni anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

M'zaka zotsatira, a Kwenda ankamuitana ku msonkhano wa aphunzitsi kumishoni kuti akaonetse anzake kayendedwe kaja, ndipo minda ya nsawa yokhala ndi chimanga chapatalipatali inayamba kuoneka m'masukulu a kumidzi mpaka cha ku Sinda. Filimoni anapeza kabuku, ndipo chaka chilichonse ankawonjezera chikwi chimodzi, oyenda akuchulukirachulukira. Pofika 1928 m'kabukumo munali manambala asanu: 168, 135, 127, 120, 119. Ankawayang'ana kawirikawiri, akufunafuna lamulo la katsikidwe kake. Mbusa wa kumishoni anamutumizira mawu akuti kutsidya kwa nyanja kuli anthu ophunzira kwambiri amene amakalamba ali pa funso lomwelo. Filimoni anayankha kuti akawauze kuti akafuna munda, malo alipo. A Nkhoma sanaphonye chaka ndi chimodzi chomwe, ndipo 7 sankalola kuti wina amugwire, ngakhale Rabeka amene.

Koma tsiku limene Filimoni ankakonda kulikumbukira linali Lolemba lotsatira mlandu uja. Anafika pasukulu m'mamawa, napeza a Nkhoma ataima pakhomo, Rabeka ali pambali pawo. Kumbuyo kwawo kunali ana onse amene anachoka, ndi ena achilendo a kutsidya kwa mtsinje, mmodzi wa iwo mwana wa mayi wa nkhuku uja. Filimoni anawauza kuti aime awiriawiri kuti alowe. Panatsala mmodzi. Anati atatuatatu, panatsala awiri. Milomo yake inagwedera, nawawerenga mmodzimmodzi.

Anali 47.

Anaima kanthawi dzanja lili patsaya. Kenaka anaseka mpaka misozi inatsika, ana akudabwa.

"Aphunzitsi, tiime bwanji?" anafunsa Rabeka.

"Lero simungaime bwanji ayi, mwakana," anatero Filimoni akupukuta m'maso. "Pangani mzere umodzi wautali. Lowani nonse."